Bwato Lomwe Tinkalitcha Yusri

Anthu a makamera akabwera kudzajambula bwato lathu loyendera dzuwa, amakonda kuyambira pa ine. "Mayi, tiyi wanu sakununkhanso dizilo, eti? Mwasangalala?" Ine ndimawauza kuti tiyi ndi mapaundi asanu, shuga anene okha. Za chisangalalo akafunse amene anawatuma.

Dzina langa ndi Fatheya, koma padoko pano ndine Umm Sabri, mayi wake wa Sabri, poti kwathu kuno ukabereka umatchedwa ndi dzina la mwana wako. Ndakhala ndikugulitsa tiyi ndi buledi wa nyemba pansi pa mkuyu uwu chimwalirireni mwamuna wanga. Tsidya ilo la Nailo kuli sekondale, chipatala ndi msika. Tsidya lino kuli ife ndi njati zathu za mkaka. Mlatho uli kutali moti wodwala akhoza kuchira kapena kufa asanaufike. Ndiye palibe wa m'mudzi muno amene sanakwerepo bwato la a Shehata: ena ali m'mimba, ena atavala zaukwati, ena atakulungidwa m'nsalu yoyera.

A Shehata anangotsala pang'ono kubadwira pamadzi, chifukwa mayi awo anachira bwato litangogunda gombe. Bambo awo ankaolotsa anthu ndi thanga ndi nkhafi. A Shehata atakula anagula injini yakale kwa asodzi a ku Rashid, chinthu chakuda bii, chotsokomola ngati nkhalamba yosuta fodya. Ikalira, mudzi wonse unkadziwa kuti kwacha. M'bwatomo ukafuna kuuza mnzako kanthu unkachita kumukuwira m'khutu, ndipo ine ndikudziwa mabanja angapo amene anapulumuka chifukwa mwamuna sanamve zomwe mkazi wake ananena pakati pa mtsinje.

Anali munthu wamtali, wa mawu ochepa. Mulungu anawapatsa ana awiri, Yusri, kenako patapita zaka, Rabab. Yusri atangobadwa, bwato analitcha dzina lake, monga achitira eni mabwato onse, ndipo ife tinasiya kuwatchula kuti a Shehata. Anakhala Abu Yusri, bambo wake wa Yusri.

Mnyamatayo anakula maso ali kunyanja. Anzake anali atapita ku Italy, akumatumiza zithunzi atatsamira magalimoto a eni ake. Atangoyamba kumera ndevu zenizeni, nayenso anakwera limodzi la mabwato aja onyamuka mobisa, odzaza anthu ngati nsomba m'dengu. Sanafike, sanabwererenso, mtembo sunapezeke. Inu amene muli ndi manda a abale anu, thokozani Mulungu. Pa Idi mumapita kukathira madzi, kukaika nthambi ya kanjedza, kukalira mpaka mtima kupepuka. Abu Yusri analibe pothira madzi. Mkazi wawo anadikira pakhomo mpaka kudikirako kunawatenga.

Chomwe chinawatsalira chinali dzina lija pamphuno pa bwato, zilembo zoyera pa penti wobiriwira. Chaka chilichonse Ramadani isanayambe ankakokera bwato kumtunda n'kulilembanso okha, osalola munthu wina kugwira burashi. Ndipo tsiku lonse dzinalo linali pakamwa pa anthu. "Yusri wanyamuka?" "Thamanga iwe, Yusri akusiya!" "Asa, Yusri ameneyu kuchedwa kwake!" Musaganize kuti mutu unawasokonekera, ayi. Ankadziwa bwinobwino kuti anthu akunena matabwa ndi misomali. Koma tsiku lina ndikuwathirira tiyi anandiuza okha kuti, "Umm Sabri, ana a anzanga amene anamira naye limodzi, akuwatchula ndani lero? Wanga amatchulidwa m'mawa, masana, madzulo. Ngakhale omutukwana kuti wachedwa, ine ndimawathokoza mumtima."

Panali chinanso chomwe tonse tinkachiona koma osachinena. Bwato likafika pakati, injini ikubangula, milomo ya Abu Yusri inkayamba kugwedezeka. Ankayankhula ndi mwana wawo. Palibe amene anamvapo ngakhale liwu limodzi, chifukwa phokoso linkawafunditsa ngati bulangeti. Akamakocheza tsidya, nkhope yawo inkakhala ya munthu amene wachokera kukacheza kwa m'bale wake.

Zinayenda choncho zaka zambiri, mpaka dizilo anayamba kukwera ngati akuthawa moto. Injininso inatopa. Mafuta ankadontha, n'kumasiya utawaleza wonyansa pamadzi pomwe akazi amatsukira mbale. A boma oyang'anira za pamtsinje anabwera n'kunena kuti chiphaso sachionjezeranso ngati injiniyo siichoka. Yatsopano inali ya mtengo woti Abu Yusri akanagulitsa nyumba n'kutsalabe ndi ngongole.

Apa m'pamene Rabab analowerera. Mtsikana ameneyu anali ndi mutu, ndisanamizire Mulungu. Bambo ake anagulitsa zibangili za malemu mayi ake kuti akaphunzire zamagetsi ku Alexandria, ndipo atabwerako anadzitsekera m'shedi kuseri kwa nyumba, zala zonse zipsera zokhazokha, akupanga injini yake yoyendera mabatire. Nzeru yake inali yoti bwato likhale ndi denga la sola, mabatire pansi pa mipando, dizilo osagulanso mpaka kalekale. Kanjini kake koyesera kanayendetsa bwato la msodzi wina ife tikuona ndi maso. Zimene zinasowa ndi ndalama zogulira zida za bwato lalikulu. Ku banki anamupatsa tiyi, anamuyamikira, n'kumuonetsa khomo.

Nkhaniyo anaiyambira patebulo panga, bambo ake akudya buledi.

"Baba, masiku ano anthu amasonkherana pafoni. Timajambula kanema, timafotokoza chomwe tikufuna kupanga, ndiye aliyense amene zamugwira mtima, kaya ali ku Cairo kaya kunja, amaponyapo kangachepe."

"Kumeneko ndiye kupemphetsa."

"Ayi, Baba. Wopemphetsa sabweza kanthu. Ife tiziwapatsa mphatso. Wopereka pang'ono timutumizira chithunzi cha bwato. Woperekako zambiri adzakwera ulere akadzabwera."

"Akadzabwera!" ndinalowerera ine. "Munthu achoke ku Ulaya kudzakwera bwato limodzi ndi mbuzi?"

"Khalti, inu ingothirani tiyi," anatero Rabab. Amanditchula choncho, kuti azakhali, chifukwa ndinamunyamulapo ali wakhanda.

Anafotokozanso lamulo lake la msonkhowo, lomwe ine ndinaliona kuti ndi lankhanza. Umanena ndalama zomwe ukufuna, amakupatsa nthawi. Zikakwana, zonse n'zako. Zikapereŵera ngakhale pang'ono, aliyense zake zimamubwerera, iwe n'kutsala manja ali m'khosi.

Abu Yusri anavomera, koma anaika lamulo lawo limodzi. "Za mchimwene wako m'kanemamo musakhale. Sindigulitsa misozi."

"Ndamva, Baba." Kenako Rabab anayang'ana pansi n'kumasewera ndi supuni. "Odziwa zinthuzi amati pamwamba penipeni pazikhala mphatso imodzi yaikulu, yodula kwambiri, yoti palibe angaifike. Imachititsa kuti zing'onozing'ono zizioneka zotsika. Ambiri amaika zoti woperekayo atche bwato dzina."

Ndinkayesa akwiya. Koma anaseka, kuseka komwe ndinali ndisanakumve chimwalirireni mkazi wawo.

"Dzina? Munthu wanzeru zake agule dzina la bwato la kumudzi komwe sadzakupondako? Lemba, mwana wanga. Ika mtengo wa njati zitatu. Uwauze kuti bwato ndi lawo, nyumba ndi yawo, maso angawa ndi awo!"

Tonse amene tinali pamenepo tinaseka, chifukwa tinadziwa zomwe akunena. Kuno timakutcha kuitanira kwa apabwato. Munthu ali pakati pa mtsinje akudya, akaona wina pagombe amakuwa kuti, "Bwerani tidye!" Wapagombe amayankha kuti, "Mulungu akuonjezereni!" n'kupitiriza ulendo wake. Palibe amene amavula nsapato n'kuyamba kusambira. Ukayamikira wotchi ya mnzako, amati tengani ndi yanu, iwe umati ikukhalani inuyo. Inenso kasitomala akafunsa mtengo ndimayamba ndanena kuti siyani, n'zaulere, koma ayerekeze kuchoka osalipira aone. Mwana woyamba kumene kuyankhula amazidziwa zimenezi. Amene sanazidziwe ndi foni.

Kanema anajambulidwa. Abu Yusri anavala mkanjo wawo wa Lachisanu, anaima pamphuno pa bwato, dzanja pachifuwa, n'kubwereza mawu omwe aja: bwato ndi lanu, litcheni dzina lomwe mufuna. Rabab anawalemba m'Chingerezi pansi pake, ndendende momwe anawanenera.

Masiku oyambirira zinayenda. Shehe analengeza mumzikiti kuti mutu umodzi susenza denga, anthu n'kuponya. Anyamata a m'mudzi muno amene anaoloka nyanja bwinobwino anatumiza. Ine ndinapereka zomwe ndinkasungira ketulo yatsopano. Pafoni ya Rabab panali kamzere kobiriwira komwe kankatalika ndalama zikamalowa, ndipo aliyense wotsika m'bwato ankayamba wafunsa za kamzereko asanapereke moni. Alendo osawadziwa nawonso anaponya, maina oti lilime limakana kuwatchula. Kenako kamzere kanaima. Kanaima nji, mpata waukulu ukadalipo, ndipo nthawi inkatha. Rabab anaonda. Ankabwera patebulo panga, tiyi kuzizira ali m'manja, chala chikungosisita foni.

Kutatsala tsiku limodzi, dzuwa litakwera, ndinamuona akuthamanga kuchokera kumtunda, mpango utapotokera kumbali.

"Zakwana! Khalti, zakwana! Baba!"

Mayo, nthungululu zomwe zinalira padoko pano! Ine ndinagawa tiyi waulere, waulere weniweni, chinthu chomwe sindinachitepo ngakhale paukwati wa Sabri. Abu Yusri anali atangokocheza. Anamanga chingwe, anabwera, anagwira mutu wa mwana wawo n'kuupsompsona. Tsoka silinunkha, abale. Tili mkati mosangalala, Rabab anayang'ananso foni kuti aone amene watseka mpatawo. Ndinaona nkhope yake ikusintha.

Anadikira kuti anthu akwere bwato. Titatsala atatu, ananena.

"Baba, ndi munthu mmodzi. Watenga ya pamwamba ija."

"Iti?"

"Ya dzina."

Abu Yusri anakhala pa benchi pang'onopang'ono. "Ndani?"

"Mayi wina wachikulire wa kudziko lozizira. Anali mphunzitsi, alibe ana, amakhala yekha. Walemba kuti kanema wathu wamuonera kambirimbiri, ndipo nkhope yanu imamukumbutsa bambo ake. Akufuna lidzatchedwe Tofi."

"Tofi. Ndi bambo akewo?"



"Ndi galu wake, Baba. Anafa chaka chatha. Akuti ankakonda kusambira."

Ndinali nditagwira ketulo. Sindikudziwa kuti Mulungu anandigwira bwanji dzanja kuti ndisaiponye mumtsinje.

"Galu!" ndinakuwa. "Afufute dzina la mwana wa munthu, alembepo galu? Mulembere pompano! Umuuze kuti zinali zongonena, kuitanira kwa apabwato! Kwawoko alibe amayi owaphunzitsa khalidwe? Munthu akati maso angawa ndi anu, umabwera ndi supuni?"

"Khalti, iye sakudziwa. Waona mtengo, walipira. Kwawo zimatha choncho." Anatero Rabab. "Ndikhoza kumulembera. Ndikamufotokozera za Yusri, mwina asintha. Akuoneka munthu wabwino."

"Ayi," anatero Abu Yusri.

"Baba, ndingomuuza kuti..."

"Ndinati sindigulitsa misozi. Ndikamuuze mlendo kuti mwana wanga anamira, kuti andimvere chisoni, andisiyire ndalama ndi dzina lomwe? Ndiye kuti Yusri ndamuika pambale ndikupemphetsera. Ndipo mawu aja ndinawanena ndine, dzanja lili pachifuwa, dziko lonse likuona." Anatembenukira mwana wawo. "Tikakana chimachitika n'chiyani?"

"Atenga ndalama zake. Kamzere kabwerera pomwe kanali. Mawa nthawi ikutha, zonse zibwerera kwa eni ake."

"Nanga iwe?"

"Ine palibe kanthu, Baba. Tikane."

Pamenepo ndikanakhala chete, koma ine pakamwa panga sipakhala chitseko. Ndinamuloza chala Rabab. "Ukuti palibe kanthu? Ndiwe unabweretsa nzeru imeneyi! Wamuika mchimwene wako pamsika ngati phwetekere!"

Mtsikanayo anaimirira. Sindinamuonepo choncho, ofatsa aja akaphulika amaopsa.

"Khalti, ine ndili moyo! Mwamva? Ndili moyo ine! Yusri anasankha yekha kukwera bwato lija, ine ndinatsala. Amayi akudwala ndinkawasambitsa ndine. Zala izi ndazitentha chifukwa cha bwato limeneli, kuti Baba asakhale pakhomo ngati mpando wothyoka. Iwo tsiku lililonse amacheza ndi Yusri pakati pa mtsinje, aliyense amaona. Ine akandiona amangofunsa ngati ndadya. Dzina langa linalembedwapo pati? Ngakhale pa chidebe chokapira madzi palibe!"

Atangotha anadzigwira pakamwa. "Baba, pepani. Sindimafuna kunena choncho."

Abu Yusri anamuyang'ana nthawi yaitali, ngati akumuona koyamba chibwerereni ku Alexandria. Tsidya lina anthu anali atayamba kukuwa kuti Yusri wachedwa. Abu Yusri anamwa tiyi wawo mpaka pansi, anaika tambula patebulo.

"Umufunse mayiyo kalembedwe kake ka dzinalo," anatero. "Tisalakwitse."

Ndipo anapita kukamasula chingwe.

Zida zinabwera pa lole. Bwato linakokeredwa kumtunda, injini yakale inachotsedwa n'kugulitsidwa kwa ogula zitsulo, denga la sola linakwera. Rabab ankagwira ntchito kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, osayankhula ndi munthu. Litafika tsiku la penti, ndinapita kwa Abu Yusri n'kuwauza kuti ndilipira ine munthu wolemba zikwangwani, iwo apite kumunda kwa m'bale wawo, akabwere zitatha.

"Ndinalemba ndine, Umm Sabri," anayankha. "Ndifufutanso ndine."

Anachita masanasana, doko litadzaza. Anaviika burashi mu penti wobiriwira n'kuyamba kuchokera ku chilembo choyamba. Penti woyamba atauma, zilembo zinkaonekerabe pansi pake, poti zinali zitalembedwa pamwamba pa zinzake zaka zonsezo mpaka kutukumuka. Anatenga chitsulo n'kuzipala. Tizidutswa toyera tinagwera pamchenga, nkhuku n'kumatijompha. Ine ndinalira, sindibisa, ndinalira ngati tsiku lija tinamva za bwato la ku Italy. Iwo analemba dzina latsopano mosamala, m'zilembo zathu ndi za Chingerezi, mokongola kuposa momwe galu aliyense anayenera.

Tinkayesa kuti za galu zikhala pakati pa atatufe. Ha! M'dziko lomwe ngakhale woweta njati ali ndi foni? Mayi uja, mwachimwemwe chake, anaika chithunzi pa tsamba la msonkho: chigalu chofiirira, lilime panja, chitavala jekete yosambirira. Pofika madzulo mudzi wonse unali utachiona. Ena analumbira kuti sadzakweranso bwato lotchedwa galu, makamaka popita kukaika maliro. Analumbira ndithu, koma mlatho sunasendere pafupi chifukwa cha malumbiro awo.

Tsiku loyamba kuyenda kunabwera akuluakulu a masuti, a makamera, ndi gulu la ng'oma. Rabab anakweza foni kuti mayi uja aone. Ndinasuzumira nanenso, ndikufuna ndione nkhope ya munthu woti ndizidana naye. Ndinapeza kankhalamba ka tsitsi loyera, katavala juzi, kakulira, kakubayibitsa dzanja, kakubwereza mawu amodzi a chiyankhulo chathu omwe kanaphunzira: zikomo, zikomo. Kumbuyo kwake nyumba inali zii, mpando umodzi patebulo. Chimenecho ndiye chimandipsetsa mtima mpaka lero. Chinandilanda ngakhale munthu womutukwana.

Ndinatseka tebulo langa n'kukwera nawo. Abu Yusri anakhala pachiwongolero, Rabab anawaonetsa kabatani. Anadina. Tinadikira phokoso, osalimva. Tinangoona gombe likutisiya.

"Layamba kale?" anafunsa wina.

"Tamverani madzi!" anatero mayi wina. "Tamverani, mbalame zikumveka!"

Anthu anaomba m'manja, kenako onse anakhala chete kuti amvetsere chete yemweyo. Kunali zii, kumangomveka madzi akunyambita matabwa. Tinafika pakati. Ine ndinali pafupi ndi chiwongolero, ndipo ndinaona milomo ya Abu Yusri ikuyamba, monga inkachitira pamalo amenewo tsiku lililonse. Maso awo anali kutali. Anali ataiwala.

"Yusri mwana wanga, usandikwiyire. Mlongo wako watopa kwambiri. Ukanamuona zala zake..."

Mawuwo anamveka bwato lonse, kuyambira kumbuyo mpaka kumphuno. Mitu yonse inatembenuka. Wa kamera nayenso anatembenuza kamera yake, ndipo ndinaiphimba ndi mpango wanga ndisanaganize n'komwe. Palibe anaseka. Bola akanaseka, munthu ukhoza kukwiya. Anangowayang'ana ndi maso achisoni, ena n'kuyang'ana pansi. Rabab anaphimba nkhope. Abu Yusri anazindikira. Anatseka pakamwa n'kuyang'ana kutsogolo. Zaka zonse zija palibe anamva liwu lawo limodzi, ndipo tsiku limenelo anavulidwa pagulu.

Chichokereni tsiku limenelo milomo yawo siigwedezekanso pakati pa mtsinje. Ndafunsa okwera, ndakwera ndekha kukaona. Amagwira chiwongolero, amayang'ana tsidya, basi.

Bwatolo ndi labwino, ndisaname. Mtengo wokwerera sunakwerenso. Utawaleza wa mafuta unachoka pamadzi, ana oyamwa satsokomola, zovala zanga sizida. Midzi ina inabwera kudzaona, ndipo Rabab anaitanidwa ku Cairo komwe akupanga injini za mabwato ena. Dzina lake linatuluka m'nyuzipepala, bambo ake anadula pepalalo n'kulimata pakhoma. Rabab amabwera mwezi ndi mwezi, amawabweretsera mankhwala ndi maswiti a ufa, amakhala nawo. Amayankhulana tsopano kuposa kale, izi ndiye ndaziona. Ulendo wina anabwera ndi kachitini ka penti woyera, n'kupempha kuti alembe Yusri mkati mwa bwato, pansi pa mpando wa chiwongolero, pomwe mayi uja sangaone pachithunzi.

"Zobisa pansi pa mpando ndi katundu wakuba," anayankha bambo ake. "Mwana wanga sanali wakuba. Bweza pentiyo."

Poyamba anthu ankachita ulemu. Akuluakulu ankanenabe kuti Yusri, ena ankangoti bwato. Koma maso amawerenga zomwe zalembedwa, tsiku ndi tsiku, kupita ndi kubwera. Ana asukulu anayamba, poti kwa iwo linali dzina loseketsa. Kenako amayi awo. Pasanathe chaka ndinayamba kumva patebulo panga pomwe, anthu aakulu ndi ndevu zawo: "Tofi wanyamuka?" "Thamanga, Tofi akusiya!" Ndinkawabweza mmodzimmodzi mpaka ena anasiya kugula tiyi kwa ine. Koma ungabweze pakamwa pa mudzi wonse?

Ndiye pali Zaghloul, wogula mkaka, amene amaolotsa njinga yake yamoto ndi zigubu m'mawa uliwonse. Munthu woti nthabwala ikamubwerera, ngakhale pamaliro aitulutsa. Ndiye anayamba kunena kuti ngati mwini wa Yusri anali Abu Yusri, mwini wa Tofi akhale Abu Tofi. Tsiku loyamba kunena pamaso panga ndinamuthira madzi otsukira matambula, chigubu chake chimodzi n'kugwa.

"Iwe Zaghloul, mwana wopanda mwambo! Munthu ameneyu anaolotsa mayi ako ulere akupita kukakubereka iwe, bola akanawasiya tsidya lino!"

"Aaa, Umm Sabri, n'zocheza chabe! Mwini wake sakudandaula, inu mukupsa chiyani?"

Zoona, mwini wake sanadandaule. Ndipo dzina loipa lili ngati mafuta a dizilo, likagwera pansalu lalowa. Linayamba ngati chipongwe, kenako linakhala nthabwala, kenako linangokhala dzina. Aphunzitsi atsopano, anamwino, ogulitsa malonda ochokera kutali, onse amawatchula choncho mwaulemu wonse, dzanja pachifuwa, osadziwa kanthu. Padoko lonse lino amene ndatsala ndikunena kuti Abu Yusri ndine ndekha.

Sabata yatha, m'mawa, anali ataima pamphepete pa madzi, atandifulatira, akuyang'ana kumunsi komwe mtsinje umapita kunyanja. Anthu anali akulowa m'bwato. Ndinawathirira tiyi wawo, wa shuga wambiri monga amakondera, n'kuitana.

"Abu Yusri, tiyi!"

Sanatembenuke. Ndinayesa kuti mwina ndi makutu, munthu wakula. Ndinasendera pafupi, tambula ikunditentha zala, n'kukweza mawu moti nkhunda zinauluka mumkuyu.

"Abu Yusri!"

Anangoima chomwecho, manja kumbuyo.

Zaghloul anali atakhala kale panjinga yake m'bwato, akuyang'ana wotchi. Sanakuwe n'komwe, ndipo sankaseka. Anangonena monga munthu wofulumira.

"Abu Tofi, tiyeni, mkaka usasa."

Anatembenuka nthawi yomweyo. "Ndabwera, mwana wanga," anatero, n'kupita kukamasula chingwe.

Bwato linachoka mwakachetechete monga lichitira. Ine ndinatsala nditaima ndi tambula m'manja mpaka tiyi anazizira, ndipo ndinakamuthira mumtsinje.